Kompyuta ndi Muyezo wa Mphunzitsi: Zaka Makumi Anayi za ku England

Ntchito iliyonse yolemekezeka ili ndi muyezo wake. Mmisiri womanga nyumba timamuyesa poona kuongoka kwa khoma, ndipo dokotala saloledwa kugwira wodwala dzina lake lisanalembedwe m'kaundula wa madokotala. Mphunzitsi nayenso ali ndi muyezo wake, ndiwo mndandanda wa zinthu zimene Boma limati munthu ayenera kuzidziwa ndi kuzichita asanapatsidwe ana a eni ake. M'nkhani yathu ya lero ndifuna tione m'mene makina a kompyuta analowera pa mndandanda umenewu m'dziko la England, m'mene anachotsedwerapo, ndiponso chimene chinaoneka pa tsiku limene sukulu zinatsekedwa. Ndi mbiri ya zaka makumi anayi, ndipo m'kati mwake munapita ndalama zambiri ndi thukuta la aphunzitsi osawerengeka. Ndasankha England chifukwa anthu a kumeneko anayamba msanga, analakwitsa poyera, ndipo zolakwa zawozo anazilemba m'malipoti amene aliyense angathe kuwerenga.

Nkhaniyi inayambira pa wailesi ya kanema. M'mwezi wa Malichi chaka cha 1978, bungwe loulutsa mau la BBC linaonetsa pologalamu yotchedwa Now the Chips Are Down, yofotokoza za kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo kamene kamakhala m'kati mwa kompyuta. Pologalamuyo inachenjeza kuti kachidutswako kadzalanda ntchito za anthu ambiri m'mafakitale ndi m'maofesi, ndiponso kuti dziko la Britain linali m'tulo pamene maiko ena anali atauyamba kale ulendo. Akuluakulu a Boma anadzidzimuka. M'chaka cha 1980 Unduna wa za Maphunziro unakhazikitsa ntchito yotchedwa Microelectronics Education Programme, motsogozedwa ndi Bambo Richard Fothergill, kuti ikonze zipangizo zophunzitsira ndi kuthandiza aphunzitsi, ndipo inagwirika mpaka 1986. Mu 1981 Boma la Mayi Margaret Thatcher, kudzera mwa nduna yoona za makinawa, Bambo Kenneth Baker, linadzipereka kulipira theka la mtengo wa kompyuta imodzi pa sukulu ya sekondale, ndipo chaka chotsatira thandizolo linafikanso ku sukulu za pulaimale. Tizindikire kuti ndalamazi zinachokera ku Unduna wa za Mafakitale. Chimene chinavuta mitima ya atsogoleri nthawi imeneyo chinali chuma cha dziko ndi malonda ake. Za m'mene mwana amaphunzirira kuwerenga zinadza pambuyo.

Bungwe la BBC silinalekere pa kuchenjeza. Linapangana ndi kampani ya Acorn ya mu mzinda wa Cambridge kuti ipange kompyuta yokhala ndi dzina la bungwelo. Kompyutayo, yotchedwa BBC Micro, inayamba kugulitsidwa mu Disembala 1981, ndipo mu Januwale 1982 pa kanema panayamba maphunziro otchedwa The Computer Programme, ophunzitsa anthu wamba kagwiritsidwe kake. Makinawa anagulidwa pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka, ndipo sukulu zambiri za m'dzikomo zinali nawo. Tikawayerekeza ndi a lero anali ofooka ndithu, pakuti mphamvu yawo yokumbukira zinthu inali yochepa kotero kuti chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya m'manja ya masiku ano sichikanakwanamo.

Nanga m'kalasi munachitika zotani? Pa sukulu zambiri za pulaimale panali kompyuta imodzi yokha, yoikidwa pa katebulo ka mawilo, imene ankaikankha kuchoka m'kalasi ili kupita m'kalasi linalo monga mlendo wozungulira m'makomo. Pologalamu inkalowa m'makinamo kuchokera pa tepi ya kaseti, ndipo ana ankadikira mphindi zingapo, nthawi zina n'kulephereka. Sukulu yolandira thandizo la Boma inkayenera kutumiza aphunzitsi awiri kukaphunzira kwa masiku owerengeka. Ku sekondale makinawo kawirikawiri ankagwera m'manja mwa mphunzitsi wa masamu kapena wa sayansi amene anali nawo chidwi, ndipo anzake ankangowaonera patali. Panalibe amene ankakakamizidwa. Mphunzitsi akanatha kugwira ntchito yake mpaka kupuma osagwirako kompyuta, ndipo palibe akanamunena kuti ngwoperewera. Boma likafuna kudziwa ngati zinthu zikuyenda, linkawerenga makina: sukulu zingati zili nawo, ndi ana angati pa kompyuta imodzi. Uku kunali ngati kuwerenga makasu m'mudzi ndi kuganiza kuti wadziwa zokolola.

Chinthu china cha m'zaka zimenezo n'choyenera kuchikumbukira. M'chaka cha 1086 Mfumu William inalembetsa kaundula wamkulu wa minda ndi chuma cha England, wotchedwa Domesday Book. Pokumbukira kuti patha zaka 900, mu 1986 BBC inatsiriza kaundula watsopano wa pa kompyuta, ndipo ana a sukulu zikwizikwi anathandiza kulemba ndi kujambula za m'madera mwawo. Zonsezo zinasungidwa pa mbale ziwiri zonyezimira zowerengedwa ndi makina apadera. Patangopita zaka ngati khumi ndi zisanu makina owerengera mbalezo anasowa, ndipo akatswiri anachita kuvutika mu 2002 kuti apulumutse zolembedwazo, pamene buku lachikopa la mu 1086 likuwerengekabe kufikira lero ku Kew. Makina amakalamba msanga koposa mphunzitsi. Aliyense wofuna kulemba dzina la makina pa muyezo wa uphunzitsi ayenera kudziwa kuti akulemba pa mchenga.

Tsono tibwerere ku muyezo uja. Kale makoleji ndi mayunivesite a ku England anali ndi ufulu waukulu wosankha zophunzitsa anthu ofuna uphunzitsi. Ufuluwo unayamba kuchepa mu 1984, pamene Boma linaika bungwe lovomereza maphunziro a aphunzitsi, ndipo mu 1994 linakhazikitsa lina lamphamvu koposa, la Teacher Training Agency. Pofika 1997 panali mndandanda wa miyezo imene aliyense anayenera kuikwaniritsa kuti avomerezedwe monga mphunzitsi woyenera. M'chaka chomwecho munatuluka lipoti la Bambo Dennis Stevenson, amene anapemphedwa ndi Bambo Tony Blair, asanakhale Nduna Yaikulu, kuti afufuze za makompyuta m'sukulu. Lipotilo linanena mosapsatira kuti patatha zaka zonsezo zinthu zinali zotsalirabe, ndipo linaloza chala pa kusaphunzitsidwa kwa aphunzitsi. Boma latsopano la Bambo Blair linamva mauwo, ndipo mu 1998 linatulutsa kalata yotchedwa Circular 4/98, imene inalamula kuti wophunzira uphunzitsi aliyense, wa phunziro lililonse, adziwe kuphunzitsa ndi kompyuta. Apa ndipo makina analowa pa muyezo ndi miyendo yonse iwiri.

M'kalatayo munali mndandanda wautali wa maluso, wotopetsa kuuwerenga, koma pakati pake panali mfundo imodzi yanzeru imene ndifuna muigwire. Inati mphunzitsi adziwe nthawi yoyenera kugwiritsa ntchito kompyuta, nthawi yosayenera, ndi njira yake pa phunziro lake lenilenilo. Tiyeni tiifotokoze ndi chitsanzo. Mphunzitsi wa masamu akufuna ana aone m'mene mzere wa pa galafu umasinthira nambala imodzi ikasinthidwa. Pa bolodi ndi choko angajambule mizere itatu nthawi n'kutha, pamene kompyuta ingaonetse makumi awiri m'mphindi imodzi, ana n'kuona okha chimene chikuchitika. Pamenepo makina athandiza. Koma ngati cholinga cha tsikulo n'chakuti mwana aphunzire kuika yekha madontho pa pepala ndi kuwalumikiza ndi rula, kompyuta imene imujambulira yamubera phunzirolo. Kusiyanitsa masiku awiriwa ndilo luso la mphunzitsi, ndipo silipezeka m'buku lofotokoza za makina. Limachokera m'kudziwa masamu ndi kudziwa ana. Vuto linali lakuti luso lotere n'lovuta kuliyesa, ndipo m'zaka zotsatira Boma linatembenukira ku zinthu zosavuta kuziwerenga.

Choyamba chinali cha aphunzitsi amene anali kale pa ntchito, pafupifupi 400,000 mu England mokha. Kuchokera ku ndalama za mpikisano wa mwayi wa National Lottery, kudzera mu thumba la New Opportunities Fund, kunapatulidwa mapaundi 230 miliyoni ophunzitsira aphunzitsi ndi osunga mabuku a m'sukulu m'dziko lonse la United Kingdom, kuyambira mu 1999. Cholinga chinali chakuti aphunzitsi akale afike pa muyezo womwe uja wa atsopano. Koma makonzedwe ake anali ndi ming'alu. Ndalamazo sizinali zolipirira munthu wogwirizira kalasi pamene mwini wake akuphunzira, motero ambiri anayenera kuphunzira madzulo ataweruka kapena pa tchuthi. Maphunzirowo anakonzedwa ngati kuti aliyense ankadziwa kale zoyambirira, chonsecho ambiri anali asanazolowere n'komwe makinawo, ndipo ena analibe kompyuta kunyumba. Mabungwe ena olembedwa ntchito yophunzitsayo ankangotumiza mabuku ndi mbale za pa kompyuta, kapena kuuza aphunzitsi kuti akaphunzire pa intaneti imene sankaidziwa. Kunali kumuuza munthu wosadziwa kusambira kuti akatenge mphunzitsi wa kusambira kutsidya kwa mtsinje.

Oyendera sukulu a bungwe la Ofsted analemba mu 2001 ndi mu 2002 kuti pa sukulu zambiri maphunzirowa sanasinthe kwenikweni kaphunzitsidwe ka m'kalasi. Komabe sikuti zonse zinapita pachabe, ndipo ofufuza amene anabwera pambuyo anaona kumene zinayenda bwino. Kunali kumene wophunzitsa ankafika pa sukulu maso ndi maso, kumene mphunzitsi wamkulu anapatula nthawi, ndi kumene aphunzitsi a phunziro limodzi ankakhalira pamodzi kuyesa chinthu, kukachichita m'kalasi, ndi kubwerera kudzauzana zimene zachitika. Pa mapepala a Boma aphunzitsi ochuluka analembedwa kuti atsiriza maphunziro. Chiwerengero cha otsiriza chinali choona, koma sichinanene kanthu za mwana wokhala pa desiki.

Chachiwiri chinali mayeso. Kuyambira mu 2000 ophunzira uphunzitsi anayamba kulemba mayeso apadera a masamu, kenaka a Chingerezi, ndipo mu 2001 anawonjezerapo a kompyuta. Munthu ankapita ku malo olembera mayeso, n'kukhala pa makina, n'kupatsidwa timantchito monga kusintha kalembedwe ka kalata, kusanja manambala pa tebulo, kutumiza uthenga, ndi kufufuza kanthu pa intaneti yoyerekezera. Mapologalamu a pa mayesowo anali opangidwira mayeso okha, osafanana kwenikweni ndi amene anthu ankagwiritsa ntchito m'sukulu, kotero kuti ngakhale odziwa bwino kompyuta ankayamba aphunzira kaye zizolowezi za makina a mayesowo. Wolephera sankavomerezedwa kukhala mphunzitsi kufikira atakhoza. Taonani tsono kutalika kwa pakati pa mfundo ya mu 1998 ndi mayeso amenewa. Mfundo ija inkafuna munthu wodziwa tsiku loyatsa makina ndi tsiku lowasiya. Mayesowa ankangoona ngati chala chikudziwa pokanikiza, m'chipinda mopanda mwana ngakhale mmodzi.

Chachitatu chinali bolodi la magetsi, limene limaonetsa zochokera pa kompyuta ndipo munthu amatha kulembapo ndi chala kapena cholembera chake. M'zaka za 2003 ndi 2004, Bambo Charles Clarke ali Nduna ya za Maphunziro, Boma linapereka mamiliyoni ambiri a mapaundi kuti mabolodiwa aikidwe m'makalasi, ndipo posakhalitsa anafala m'dziko lonse. Akatswiri a ku Institute of Education mu London, motsogozedwa ndi Mayi Gemma Moss, anafufuza sukulu za sekondale za mu mzindawo, ndipo lipoti lawo la mu 2007 silinapeze umboni wakuti m'chaka choyamba mabolodiwo anakweza makhozedwe a ana. Anaonanso kuti m'makalasi ena mphunzitsi ankathamanga ndi zithunzi zokonzeratu pamene ana angokhala chete kuonerera. Pamene bolodilo linali m'manja mwa mphunzitsi wodziwa kufunsa mafunso ndi kudikira mayankho, linali chida chabwino. M'chaka chomwecho cha 2007 miyezo inalembedwanso, n'kukhala mfundo 33 za wolowa kumene ntchito, ndipo kompyuta inatchulidwa m'malo angapo. Imeneyi ndiyo nthawi imene makina anafika pachimake pa muyezo wa mphunzitsi wa ku England.

Mphepo inatembenuka mu Meyi 2010, pamene kunalowa Boma latsopano lofuna kuchepetsa ndalama zowononga. Patangopita masabata owerengeka linalengeza kuti litseka Becta, bungwe limene kuyambira 1998 linkalangiza sukulu za makina ophunzitsira, ndipo linatsekedwadi mu Malichi 2011. Nduna yatsopano, Bambo Michael Gove, inaika gulu lotsogozedwa ndi mphunzitsi wamkulu, Mayi Sally Coates, kuti lifupikitse miyezo. Mayeso a kompyuta anathetsedwa mu 2012, poganiza kuti achinyamata olowa uphunzitsi masiku amenewo anakula ndi makinawo ndipo sankafunikanso kuyesedwa. Pa 1 Seputembala 2012 inayamba kugwira ntchito miyezo yatsopano ya mfundo zisanu ndi zitatu zokha. Mphunzitsi ayembekeze zazikulu kwa ana ake; aonetsetse kuti akupita patsogolo; adziwe bwino phunziro lake; akonze ndi kuphunzitsa maphunziro olongosoka; asinthe kaphunzitsidwe molingana ndi zosowa za mwana aliyense; ayese ana molondola ndi kugwiritsa ntchito zotsatira zake; asunge mwambo m'kalasi; ndipo akwaniritse maudindo ena a pa sukulu, monga kugwirizana ndi anzake ndi kulankhulana ndi makolo. Mungawerenge mfundozi kuchokera pamwamba mpaka pansi, kompyuta simuipezamo.

Kodi uku kunali kubwerera m'mbuyo? Anthu anagawikana. Ena anati Boma lataya chinthu chimene chinamangidwa kwa zaka zambiri, ndipo makoleji adzaleka kuphunzitsa chimene sichifunsidwa. Ena anati muyezo suyenera kutchula chida, monga momwe sutchulira choko kapena buku, pakuti chofunika n'chakuti mwana aphunzire. Otsutsa makina analimbikitsidwa mu 2015, pamene bungwe la maiko olemera la OECD linatulutsa lipoti loonetsa kuti maiko amene anathira ndalama zambiri pa makompyuta a m'sukulu sanaone kusintha kooneka pa kuwerenga, masamu ndi sayansi. Koma pa mfundo yakuti achinyamata akudziwa kale panali kusokoneza zinthu ziwiri. Mnyamata wodziwa kucheza ndi anzake pa foni sakhala atadziwa kuphunzitsa tizigawo ta nambala kwa ana makumi atatu pogwiritsa ntchito makina, monganso wodziwa kulankhula Chichewa sakhala atadziwa kuphunzitsa mwana kuchiwerenga. Maiko ena anayenda njira ina. Bungwe la UNESCO linatulutsa mu 2008 ndondomeko ya maluso a makina oyenera aphunzitsi, n'kuikonzanso mu 2011 ndi mu 2018, ndipo ku Scotland, kumene kuli bungwe lakelake loyang'anira aphunzitsi chiyambire 1965, miyezo imatchula makinawa poyera.

Mlandu umenewu unaweruzidwa ndi mliri. Pa 20 Malichi 2020 sukulu za ku England zinatsekedwa chifukwa cha matenda a Covid-19, kupatula kwa ana ochepa, monga a anthu ogwira ntchito zofunika kwambiri ndi ana osowa chitetezo. Mfundo zisanu ndi zitatu zija sizinasinthe ngakhale liu limodzi, koma mwadzidzidzi panalibe njira yozikwaniritsira popanda makina. Taganizirani mphunzitsi amene muyezo ukumuuza kuti ayese ana molondola. M'kalasi amangoyang'ana nkhope, n'kudziwa kuti uyu wamva, uyo wasokonezeka. Tsopano ana ali m'nyumba zawo, ena azimitsa kamera, ena sanalowe n'komwe. Anayenera kuphunzira kufunsa timafunso tachidule pa intaneti toti aliyense ayankhe nthawi imodzi, kudula phunziro m'zigawo zazifupi, kujambula mau ake akufotokoza kuti mwana akamvetsere kawiri kapena katatu, ndi kuimbira foni makolo a mwana amene wasowa. Muyezo wonena za zosowa za mwana aliyense unakhala ndi tanthauzo latsopano pamene kunapezeka kuti m'mabanja ambiri osauka ana atatu ankalimbirana foni imodzi ya mayi awo. Boma linagawa makompyuta onyamula m'manja oposa miliyoni imodzi, koma ambiri anafika patapita miyezi.

Aphunzitsi ambiri anaphunzira m'masabata ochepa zimene mapaundi 230 miliyoni aja analephera kuwaphunzitsa m'zaka zinayi. Makina anali atafewa kugwiritsa ntchito, n'zoona, komanso panali zifukwa zina. Tsopano anali ndi vuto lenileni lofuna yankho mawa m'mawa, pa phunziro lawo, ndi ana awo owadziwa maina; ndipo amene ankawaphunzitsa anali anzawo a pa sukulu pomwepo. Mutu umodzi susenza denga. Pa 20 Epulo 2020 aphunzitsi okwana 40 anatsegula sukulu ya pa intaneti yotchedwa Oak National Academy, yopereka maphunziro 180 pa sabata kwa aliyense kwaulere. Ndipo pamene sukulu zinatsekedwanso mu Januwale 2021, BBC inaika maphunziro pa wailesi ya kanema tsiku ndi tsiku, maola atatu a ana a pulaimale ndi awiri a ana a sekondale, pofuna kufikira mabanja opanda intaneti yodalirika. Bungwe lomwe lija limene linabweretsa kompyuta m'sukulu mu 1981 linabwerera ku chida chake chakale, chifukwa ndicho chinali m'nyumba za anthu. Ngakhale zinatero, kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti ana anatsalira m'maphunziro, ndipo a m'mabanja osauka ndiwo anatsalira koposa. Makina anachepetsa chilonda, koma sanalowe m'malo mwa kalasi.

Tikaiona mbiri yonseyi, tipeza kuti Boma la England linayesa kuwerenga makina, kuwerenga otsiriza maphunziro, ndi kuyesa zala pa mayeso, kenaka linangosiya osatchula kanthu. Njira zonsezi zinazemba funso lovuta limene linalembedwa mu 1998, lakuti kodi mphunzitsi uyu akudziwa pamene chida ichi chithandiza ana awa pa phunziro ili? Funsoli siliyankhidwa ndi chikalata. Limayankhidwa ndi munthu wodziwa ntchito amene wakhala kumbuyo kwa kalasi, waona phunziro lonse, wayang'ana m'makope a ana, ndipo pambuyo pake wakhala pansi ndi mphunzitsiyo kukambirana. Njira imeneyi ndi yodula ndiponso yochedwa, ndipo nduna singaime pa msonkhano kuilengeza ndi chiwerengero chokometsera. Funsoli labweranso ndi mphamvu chiyambire kumapeto kwa 2022, pamene kunafala mapologalamu otha kulemba okha chikonzero cha phunziro m'kamphindi. Chikonzerocho chingaoneke chokongola, koma wodziwa ngati chikuyenera ana a m'kalasi mwake ndi mphunzitsi yekha, ndipo cholakwa chikapezekamo mlandu ndi wake.

Mwina wina afunsa kuti za ku England zikutikhudza bwanji. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Kuyambira mu 2013 sukulu zina za pulaimale m'Malawi, kuyambira ndi ya Biwi mu Lilongwe, zinayamba kuyesa timakina ta m'manja totchedwa tabuleti, tokhala ndi maphunziro a m'Chichewa okonzedwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain komweko, ndipo mu 2023 Boma linayamba ntchito ya BEFIT yofalitsa timakinati m'sukulu za pulaimale za m'dziko lonse. Ana aang'ono akuphunzira nato kuwerenga ndi masamu. Tsiku lidzafika, ngati silinafike kale, pamene olemba miyezo ya aphunzitsi athu adzafunsa chimene alembe za makinawa. Adzakopeka kuwerenga matabuleti ndi kuwerenga aphunzitsi amene anakhalapo pa msonkhano wa masiku atatu, chifukwa zimenezo n'zosavuta kuzilemba m'lipoti. Mbiri ya anzathu ikutichenjeza kuti ndalama zogulira makina ziyende limodzi ndi nthawi yoti aphunzitsi aphunzitsane, ndi ndalama zoti mlangizi wa sukulu afike m'kalasi. Ndipo mlangiziyo akafika, n'kupeza kuti lero mphunzitsi wasiya matabuleti m'kabati ndipo ana akuwerengera ndi timiyala pansi pa mtengo, asafulumire kulemba kuti waperewera. Ayambe wamufunsa chifukwa chake, pakuti mwina ameneyo ndiye wafika pa muyezo.